Mmene Alamu Anga Analowera Koleji Yanga

Zaka zitatu ndinakhala pakoleji ija, koma kubwalo la mpira ndinapondako kawiri kokha. Koyamba ndinkadula njira popita ku laibulale, kachiwiri ndinkasaka mnzanga wina amene anasowa ndi buku langa la masamu. Timu inalipo, inde, koma ife owerenga tinkaiona ngati gulu la anthu amene anabwera kudzadya. Akachoka kothamanga ankalandira mazira owiritsa ndi mkaka ku kafeteriya, ife tili pamzere wa nyemba zofumbwa. Ndinkadana nawo chifukwa cha mazirawo, moti chaka chachiwiri ndinalemba kalata yodandaula kwa akuluakulu a koleji. Kalatayo sinayankhidwe.

Nditamaliza maphunziro ndinabwerera kuno. Kwathu ndi ku Malindi, chakuseri kwa tchalitchi, koma ntchito ndinaipeza ku Mangochi boma, yophunzitsa masamu pasekondale ina yoyendera. Satifiketi yanga ndinaiika mu felemu n'kuipachika pabalaza. Inakhala pamenepo zaka zisanu, oiyendera ali akangaude okha. Palibe anandifunsapo dzina la koleji yanga. Mayi anga ankangouza anthu kuti ndinaphunzira kumtunda uko, n'kuloza ndi mlomo chakumadzulo.

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, kwawo ndi ku Nkopola. Amagula usipa kwa asodzi, kuuyanika pathandala, n'kukaugulitsa ku Limbe. Sukulu analekezera Sitandade 4, ndipo amanena zimenezi mosabisa, ngati mmene munthu amanenera mudzi wa kwawo. Achemwali analowa Chisilamu pokwatiwa. Nkhaniyi inavuta pakhomo pathu chaka chimodzi, kenako inazizira, makamaka chifukwa alamuwo ndi munthu wovuta kumusungira mkwiyo. Amaseka ndi thupi lonse, ndipo sabwera kwanu chimanjamanja. Mpira ankaukonda kuyambira kale. Monga wina aliyense, ankachemerera imodzi mwa matimu awiri akuluakulu a mumzinda, aja anagawana dziko lino pakati kalekale, moti ngakhale pamaliro anthu amadziwana kuti uyu ndi wa uku, uyo ndi wa uko.

Ndiye chaka china timu ya koleji yanga inakwera kulowa mu ligi yaikulu. Ndinamva pa wailesi ya mnzanga m'chipinda cha aphunzitsi ndikuchonga mayeso, ndipo sindinadzutse n'komwe mutu. Masewero ake oyamba inakumana ndi timu ya alamu, n'kuigonjetsa. Anthu anati ndi ngozi chabe. Patapita masabata angapo inagonjetsanso timu yaikulu inayo, pakwawo pomwe. Muulutsi wina wa mawu okanda anayamba kutchula osewera ake kuti ana asukulu, ndipo akagoletsa ankakuwa kuti akuluakulu apatsidwa ntchito yokalembera kunyumba. Dzinalo linagwira.

Loweruka lina m'mawa alamu anafika kwathu pa kabaza, atanyamula jumbo ya usipa monga mwa nthawi zonse. Chachilendo chinali malaya. Anavala jezi ya mtundu wa pepo, yonyezimira, yothina moti baji ya pachifuwa inachita kutambasuka. Bajiyo inali buku lotsegula ndi nyali pamwamba pake. Ndinaizindikira pomwepo, chifukwa ndi yomwe ili pa satifiketi yanga.

"Alamu," anatero asanakhale n'komwe pansi, "mwamva zimene tachita Lachitatu?"

"Mwachita ndani?"

"Ife a koleji."

Ndinaseka, poganiza kuti akundiseleula. Iwo anangondiyang'ana kudikira kuti ndimalize.

"Nanga timu yanu ija?" ndinafunsa.

"Ija yakalamba, alamu. Osewera ake amathamanga ngati akuwakakamiza. Anawa amasewera ndi mutu. Mpira wa anthu ophunzira umachita kuonekeratu kuti wawerengedwa."

Ndinawauza kuti ine anthu amenewo ndinakhala nawo, ndipo ambiri sankadziwa kumene laibulale inayang'ana. Anagwedeza mutu mondimvera chisoni, n'kupempha tiyi.

Sanali okha. Pofika nyengo ya mphepo ya mwera, Mangochi yonse inali pepo. Majezi ankabwera m'matumba kuchokera ku Limbe, ndipo atayamba kuchepa, telala wina wa pakhonde la sitolo pafupi ndi msika anasiya kusoka mayunifolomu n'kuyamba kusoka ake. Baji ankaijambula pamanja, buku lija n'kumaoneka ngati buledi wodula pakati, koma anthu ankagula. Akabaza anakutira mipando yawo ndi nsalu ya pepo. Ku Nkopola maboti awiri anapakidwa penti watsopano. Mphunzitsi mnzanga wa ku Katuli, kumene galimoto imafika ikafuna yokha, anandiuza kuti ana akajomba kusukulu ankakachita mpira wachikulunga kudambo, ndipo magulu onse awiri ankalimbirana kutchedwa ana asukulu. Mayi anga atawoloka mlatho tsiku lina kubwera kuchipatala, anaona asodzi achisilamu atavala pepo yekhayekha, mtundu umene kutchalitchi kwathu timauona paguwa nyengo ya Lenti. Anandifunsa chapansipansi ngati anzathuwa nawonso ayamba kusunga Lenti, ndiponso chifukwa chake akuchita zimenezi mu Julayi.

Ine zinandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero sindingafotokoze bwino chifukwa chake. Chinthu chimene ndinachitaya ndekha, anthu ena atachitola ndinayamba kuchimva kuwawa. M'chipinda cha aphunzitsi ndinkalalikira za masapota ongotengeka, opita kumene kwalowera mphepo. Ndikakumana ndi wovala jezi ndinkamufunsa kuti koleji yakeyo ili kuti. Wometa tsitsi wanga anati ili ku Zomba. Mayi wina wogulitsa mandasi pageti la sukulu anati ku Mzuzu. Wakabaza wina anandiyankha kuti ili pamwamba pa ligi, n'kupalasa njinga yake kumapita.

Ndinkafunsanso kuti aikonderanji timu imene sanaionepo ndi maso. Wometa uja anati anatopa ndi kukangana. Matimu awiri akuluakulu aja, ukachemerera imodzi, theka la makasitomala ako limakuda, koma ana asukulu analibe mdani, sanali a mtundu uliwonse kapena chigawo chilichonse. Mayi wa mandasi anati amangosangalala kuona ana akuchititsa manyazi akuluakulu, chifukwa kwina konse m'dziko muno zimenezo sizichitika. Ena ankanena mosapsatira kuti munthu wavutika kale sabata yonse, Loweruka asamakasankhenso dala kulira. Panali chifukwa china chimene palibe ankachitchula, koma ndinkachiona pamayendedwe awo. Munthu akavala baji ya buku ndi nyali ankawongoka msana. Zimene ine ndinazipeza ndi zaka zitatu za nyemba zofumbwa, iwo ankazigula kwa telala.

Tsiku lina ndinayesa mafunso anga aja pa alamu, pabwalo la bawo kuseri kwa msika, anzawo ali pomwepo. Anayankha zonse. Anatchula boma limene kuli koleji, msewu wokhotera, ngakhale mtsinje umene uli kumunsi kwa bwalo la mpira. Kenako anataya nkhomo m'maenje n'kunditembenukira.

"Tsopano inu, aphunzitsi. Goloboyi wathu ndi wa kuti?"

Sindinadziwe.

"Nanga amene wavulala bondo uja abwerera liti?"

Sindinkadziwa n'komwe kuti kuli wovulala bondo.

"Ndiye zaka zitatu kumene kuja munkachitako chiyani?"

"Ndinkaphunzira," ndinatero.

"Pepani," anatero alamu, ndipo anthu onse a pabawo anagwedeza mitu ngati ndawauza za matenda.

Zinthu zinatembenuka achemwali atatulutsa nkhani ya satifiketi. Anauza amuna awo kuti baji imene akuinyadirayo kwa mlongo wawo ili pakhoma, yeniyeni, ya chidindo. Lamulungu lotsatira nditabwera kutchalitchi ndinapeza amuna asanu ndi mmodzi atakhala pakhonde panga. Anavula nsapato polowa. Anaima kutsogolo kwa felemu mwaulemu, wina n'kupukuta fumbi la pagalasi ndi kofia yake. Anayerekeza baji ya papepala ndi ya pamajezi awo, n'kugwirizana kuti telala uja ndi wakuba. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhala mphunzitsi wa masamu chabe. Pamsika ankandipatsa mpando. Wometa ankandidumphitsa mzere.

Ndiyenera kuvomera kuti zinandikomera msanga. Ulaliki wanga wa masapota ongotengeka unatha osatsanzika. Ndinayamba kumvera wailesi Loweruka masana, poyamba kuti ndisachitenso manyazi pabawo, kenako chifukwa ndinapezeka ndikuimirira mpira ukafika pagolo. Nditamva dzina la kochi, ndinazindikira kuti ndi mnyamata amene anali kaputeni nthawi yathu, mmodzi wa odya mazira aja, amenenso ndinamutchula m'kalata yanga yodandaula. Alamu atandifunsa ngati ndimamudziwa, ndinati, "Ameneyo? Tinkadyera limodzi." Silinali bodza lenileni. Kafeteriya inali imodzi. Koma mawuwo atachoka pakamwa panga anakula okha. Pofika ku Nkopola ndinali nditagona naye chipinda chimodzi, pofika ku Makawa ndine amene ndinamuphunzitsa kuwerengera makona. Sindinatsutse. Anthu atakhazikitsa nthambi ya masapota, anandisankha kukhala wapampando popanda wopikisana naye, alamu n'kukhala wachiwiri wanga.

Chakumapeto kwa ligi, ana asukulu anatsala ndi masewero amodzi a pakwawo, ndi timu yakale ya alamu ija. Akapambana, chikho chinali chawo. Nthambi inagwirizana kuti tipite. Tinapeza minibasi, ndipo tinanyamuka anzathu atangotuluka mumzikiti m'mawa. Alamu ananyamula dengu la usipa wosankha, wouma bwino, woti akapatse osewera. Ine ndinakhala kutsogolo monga wapampando, nditavala jezi yanga yoyamba, imene ndinaivalira mkati mwa jekete.

Pokwera chitunda cha Khwekhwerere minibasi inatentha kawiri. Tinkatsika, kuika miyala kumatayala, n'kumayang'ana chigwa chimene tachokera dalaivala akuthira madzi. Anthu ankaimba njira yonse, koma titakhota kulowa msewu wa koleji nyimbo zinayamba kuzilala zokha. Pamene tinkafika pageti munalibe wolankhula.

Ine malowo ndinawaona ochepa kuposa mmene ndinkawakumbukira. Penti anali atasuwa, mawindo ena a hositeli atatsekedwa ndi makatoni. Alamu sanaone zimenezo. Anatsika pang'onopang'ono, n'kukapereka moni wa manja awiri kwa mlonda wa pageti, bambo wachikulire wa jekete lalikulu, amene anadabwa chifukwa anthu ambiri amangomudutsa. Nthawi inalipo, choncho alamu anandipempha kuti ndiwaonetse kumene ndinkaphunzirira. Ndinawatengera ku chipinda china chimene tinachipeza chosakhoma. Analowa monyang'ama. Anakhala pa desiki ya kumbuyo, mimba itapanikizika, manja ataika pamwamba, n'kuyang'ana bolodi limene linali ndi masamu ofufutidwa theka.

"Amenewa mumawamva, alamu?"

"Ndimawamva."

"Onsewa?"

"Eya."

Anayang'ananso bolodi lija. Kenako anati, "Ine bambo anandichotsa sukulu kuti ndizikapalasa bwato. Aphunzitsi anabwera kunyumba kawiri kudzandipempha. Ankati mutu ndinali nawo." Ananena mopanda kudandaula, n'kudzuka, n'kubwezera desiki pamzere wake.

Kubwalo kunali anthu osaneneka, ochokera m'maboma onse, pepo yekhayekha. Ophunzira a pakolejipo anali ndi mbali yawo, ndipo ambiri sanavale n'komwe jezi. Gulu lathu likudutsa kutsogolo kwawo ndi dengu lija, mmodzi anakuwa kuti, "Usipa wafika!" Anzake anaseka, n'kuyamba kuimba mofunsa kuti mayeso olowera pano tinalemba liti. Alamu anaganiza kuti akutilandira, ndipo anawaimikira dzanja. Ine ndinamva bwinobwino. Chimene ndinachita n'chakuti ndinakoka zipi ya jekete mpaka m'khosi, n'kutsalira m'mbuyo mapazi angapo, kuti aliyense woona aziti ndangopezeka pafupi ndi anthu amenewa. Wapampando wawo ndinali ine.

Masewero asanayambe, alamu anandigwira mkono. "Tiyeni mukandionetse kwa mnzanu uja, timupatse ndiwozi." Ndinayesa kunena kuti kochi sasokonezedwa nthawi ngati imeneyi, koma anali atanyamuka kale, dengu lili paphewa. Tinamupeza pafupi ndi chipinda chovalira, atanenepa, tsitsi litayamba kuthothoka. Ndinatambasula dzanja n'kutchula dzina langa ndi chaka chimene tinamaliza. Anandigwira chanza maso ali kwina. Alamu anatsitsa dengu n'kuyamba kulankhula. Anafunsa za bondo la mnyamata uja, anachenjeza kuti kumanzere kwa adani kuli wosewera amene amatopa chigawo chachiwiri, chifukwa iwo anamuchemererapo zaka zambiri ndipo amamudziwa. Kochi anatembenuka n'kuwamvetsera. Anavundukula dengu, kununkhiza, n'kuseka mokondwa. Anaitana osewera awiri kuti adzajambulitse ndi bambo a ku Mangochi. Foni yojambulira anapatsa ine.

"Inu ndi adalaivala awo?" anandifunsa ndikumubwezera.

Alamu anamva. Anayang'ana pansi, n'kukonza chivundikiro cha dengu chimene chinali chokonzeka kale.

Masewero tinagonja. Ana asukulu anasewera mwamantha, ndipo chigoli chimene chinatipha chinachokera kumanzere komwe kuja, kwa wosewera amene alamu anati amatopa. Tsiku limenelo sanatope. Masapota a timu yaikulu, amene anali ochepa chabe pakona, anavina mpaka fumbi. Ophunzira aja anayamba kutuluka mpira usanathe.

Pobwerera, mu minibasi, wometa uja anafunsa ngati ndinaonana ndi mnzanga. Ndinatsegula pakamwa osadziwa chimene chituluke, koma alamu anandiyankhira. "Acheza kwambiri," anatero. "Kungoti nthawi inachepa." Ndipo anayambitsa nkhani ya woyimbira mpirawo, amene aliyense anali wokonzeka kumuweruza. Za udalaivala wanga sanauzepo munthu, ngakhale achemwali. Ndikudziwa chifukwa achemwali akanadziwa, Malindi yense akanadziwa.

Timu ya sukulu ili ndi vuto limene matimu ena alibe: osewera ake amamaliza maphunziro. Chaka chotsatira atatu anavala mikanjo n'kupita kukafuna ntchito. Ena anayi anatengedwa ndi matimu akuluakulu aja, kuphatikizapo goloboyi. Kochi naye anaitanidwa kwina. Otsalawo anayamba kugonja, poyamba pang'onopang'ono, kenako sabata iliyonse. Muulutsi wa mawu okanda uja, amene anawapatsa dzina, anayamba kunena kuti ana abwerere m'kalasi.

Pepo anachoka m'tauni mopanda mwambo. Palibe analengeza kuti wasiya. Majezi anangoyamba kuoneka pa asodzi akamakoka makoka, kenako pa zidole zoopsezera mbalame m'minda ya mpunga, kenako m'manja mwa otsuka magalimoto. Nthawi yomweyo kunatulukira timu ina, ya kampani, ya jezi yamizeremizere, imene inayamba kumenya akuluakulu monga ankachitira ana asukulu. Telala uja sanachedwe. Wometa anandifotokozera kuti iyeyo mumtima anali wa timu imeneyi kuyambira kale, kungoti inali isanadziwike.

Pamsonkhano wa nthambi tinayamba kubwera anthu khumi, kenako anayi. Ine ndinalemba kalata yotula pansi udindo, yonena kuti ntchito yochonga mayeso yandichulukira. Ndinaipereka kwa alamu, amene anandipempha kuti ndiwawerengere, popeza ndinalemba m'Chingerezi. Nditamaliza anati, "Chabwino, aphunzitsi," n'kuipinda bwinobwino kuiika m'thumba. M'chipinda cha aphunzitsi ndinayambanso kunena kuti ine mpira sindinaukondepo, ndipo ndinakumbutsa anzanga kuti ndine amene ndinkachenjeza za masapota ongotengeka. Koma Loweruka masana wailesi ndinkatsegulabe, motsitsa, ndipo amizeremizere akagoletsa phazi langa linkagunda pansi lokha.

Ana asukulu anatsika mu ligi yaikulu chaka chachiwiri chake. Kumene anapitako wailesi siifikako. Ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo, mpaka tsiku lina ndinapita ku Nkopola kukaona achemwali atadwala malungo. Linali Loweruka, cha m'ma folo koloko. Ndinapeza alamu ataima pakati pa mathandala, foni ili kukhutu, jezi ya pepo ija ili pathupi, itasuwa mpaka kufanana ndi phulusa. Ankamvetsera, nkhope itauma, kenako anafunsa kuti, "Walowa ndani m'malo mwake?"

Atadula anandiuza kuti amalankhula ndi mlonda wa pageti la koleji uja. Tsiku lija anatenga nambala yake. Timu ikamasewera pakhomo, mlondayo amasuzumira kubwalo n'kuwauza mmene zikuyendera. Tsiku limenelo ankasewera ndi timu ya pamalo ena ogulitsira fodya, ndipo anali atagoletsedwa kale ziwiri.

"Alamu, mukuvutikiranji?" ndinafunsa. "Anzanu onse anachoka. Bwererani ku timu yanu yakale, ikuwina."

Anatembenuza usipa ndi dzanja, kuufalitsa pathandala.

"Ija ili ndi eni ake," anatero. "Ndinaichemerera zaka zonse zija, koma ndikapita ku Limbe ankanditchabe wa kunyanja. Iyi ndinaipeza ilibe mwini. Eni akenu munkawerenga."

Ndinafuna kuyankha, koma foni inalira. Anali mlonda, kunena kuti chalowa chachitatu.

Chaka chathachi alamu anayamba kupita okha kukoleji kuja kukaonera mpira. Akakweza usipa wa ku Limbe amautumiza ndi mnzawo, iwo n'kukwera basi yolowera kwina, masiku awiri kupita ndi kubwera. Achemwali amadandaula kuti mnzawoyo sadziwa kutsatsa, ndipo amandituma kuti ndikalankhule ndi amuna awo monga munthu wophunzira. Sindinapitebe. Ulendo woyamba atabwerako anadzera kwathu kudzandiuza. Anati pabwalo panali anthu ochepa moti ankamva osewera akuitanana mayina. Udzu unali utakula kumakona. Ophunzira kunalibe, onse anali muholo kuonera mpira wa ku Ulaya pa kanema, ndipo akakuwa kumeneko osewera a pabwalo ankacheuka, kuyesa kuti akuwakuwira iwo. Kochi watsopano, mnyamata wamng'ono amenenso amaphunzitsa, atamva kuti bambowa achokera ku Mangochi anawatumizira mpando wapulasitiki, n'kuwakhazika pafupi ndi benchi.

"Ndiye zinatha bwanji?" ndinafunsa.

"Tinafanana mphamvu. Koma pali kamwana kena kakumbuyo, alamu, kochokera ku Nsanje. Kakadzakhwima miyendo mudzakamva." Anamwa tiyi. "Mwezi wamawa tipitire limodzi. Anthu kumene kuja sakhulupirira kuti ndili ndi mlamu amene anaphunzira pomwepo."

Ndinawauza kuti mwezi wamawa kuli mayeso. Anati palibe kanthu, adzandifunsanso mayeso akatha, n'kutuluka kukaitana kabaza.